Samoni ya a Webster Inagwera Apongozi

Nkhaniyi ndinaimva ku chigayo, nditakhalira thumba langa kudikira mzere. Azimai awiri amayankhula mokuwa chifukwa cha phokoso la injini, ndiye injiniyo itazima mwadzidzidzi, mawu a mmodzi anatsala okha m'mwamba: "Wasumira apongozi ake ku khoti." Mnzake anafunsa kuti ndani. Akuti Webster, mkamwini wa a Magdalene. Akuti wanena ndi mkazi wa kalaliki wa khoti.

Ine ndinaseka. A Webster ndi a nyumba yoyandikana ndi yanga. Chotilekanitsa ndi mpanda wa udzu umene mbuzi zinadya pakati, moti akayetsemula kwawo ine ndimayankha kwanga. Munthu ameneyo kusumira a Magdalene? Munthu woti chikwatirire mwana wawo Lillian sanawaonepo nkhope? Koma pobwerera, ufa uli pamutu, ndinayamba kukhulupirira theka. Kuno ku Malambo konse, ngati alipo munthu woti angagule samoni ya ku khoti asanafunse, ndi iwowo.

Muwadziwe kaye. A Webster anabwera kuno ali mnyamata, kuchokera cha ku Jumbe. Anagwirako ntchito ya uweita pa kampu ina ya alendo odzaona nyama kufupi ndi Nkwali, chilimwe chimodzi chokha. Kumeneko anatumikira mlendo wina, loya wa kunja, amene pochoka anawasiyira tayi wofiira. Tayi ameneyo ndi amene anawononga zinthu. Kuyambira pamenepo chilichonse chinakhala "malinga ndi lamulo". Ntchito inatha tsiku limene anauza mlendo wina kuti malinga ndi lamulo sangaitanitse mazira kawiri.

Tsopano amalima kamunda ka chimanga ndi thonje, ndipo chilimwe amakakhala ku msasa wa asodzi ku Luangwa. Koma tsiku la milandu likawapeza ali pamudzi, khasu limapuma. Amamanga tayi, kupalasa njinga mpaka ku khoti, n'kukaima pa windo tsiku lonse kumvera milandu ya eni ake. Madzulo amadzaiweruzanso pa mpanda, ine ndikutsuka mbale. "Amake Ruben, mlandu wa mbuzi uja auphonya. Ndikanakhala ine." Anakanganapo ndi abusa, ndi ogula thonje, ndi masikauti oteteza nyama zakutchire. Munthu woipa ayi. Nsomba akabwera nazo, yoyamba imadutsa pa bowo la mpanda lija kubwera kwa ine. Kungoti pakamwa pawo sipazizira.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanakangane naye: apongozi awo. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, satchula dzina lawo, sakweza mawu iwo ali pafupi, ndipo akakumana panjira amapatuka. Izi zimatha pokhapokha apongozi akakumasula. Ambiri amamasula mwana woyamba akabadwa. A Magdalene sanatero. Ndinawafunsapo ku chitsime, ndipo anati, "Amake Ruben, mudzi wonse uno ndine ndekha amene makutu akupuma. Ndidziputire dala?"

A Webster mwambowu amausunga kuposa lamulo lililonse. Chaka china anakumana ndi a Magdalene pa kanjira ka kumadimba. Kumanzere kunali minga, kumanja kunali njovu ikuthyola nthambi chapatali pang'ono. Anapatukira kwa njovu. Anaima pamenepo, chipewa kumanja, mutu pansi, mpaka apongozi atadutsa. Akuti njovu inawayang'ana, n'kuona kuti munthuyu ali kale ndi mavuto ake, n'kupitiriza kudya.

Tsono nkhani ya kiliniki. Kakiliniki kathu kali tsidya la Lupande. Nesi ndi mankhwala zimachokera ku boma. Koma nyumba yodikirira azimai apakati tinamanga tokha, ndipo pali njinga yamoto yokoka kabedi, yothamangitsira wodwala kwambiri ku chipatala chachikulu. Petulo wake kwa zaka zambiri amagula eni kampu ina ya alendo. Ife mbali yathu inali ya manja: nkhuni za ku nyumba yodikirira, madzi, kulambula, kufolera. Pa nkhuni a Webster analibe mnzawo. Amatula mtolo, n'kuima pambali pake kufotokozera aliyense wodutsa kuti wadula ndani.

Kenaka kampu ija inagulitsidwa, ndipo eni atsopano anati za petulo sakuzidziwa. Komiti ya kiliniki inakhala pansi n'kusintha zinthu. Nkhuni basi zatha, khomo lililonse lizipereka ndalama mwezi ndi mwezi. Khomo losapereka, mkazi wake salandiridwa ku nyumba yodikirira, ndipo njinga yamoto siibwera.

Apa ndi pamene panali povuta. Lillian anali ndi pakati potopa. Mwana wawo woyamba anabadwira m'ngolo, m'mphepete mwa Lupande atadzaza, ndipo mai ndi mwana anapulumuka mwamwayi. N'chifukwa chake dzina lake ndi Miracle. Ulendo uno asisita Anastasia, anesi athu, ananena mosabisa kuti Lillian awoloke msanga, akadikirire pafupi, mtsinje usanadzaze. Mitambo inali itayamba kale kuda cha kumapiri. Ndalama pakhomo panalibe. Njovu zinadya chimanga, thonje linapsa ndi dzuwa, ndipo tindalama ta nsomba tinathera ufa.

Zonsezi za komiti zinachitika a Webster ali ku msasa wa asodzi. Za lamulo latsopano anazimva kwa wogula nsomba wina. Sanadzere kunyumba. Anatulutsa tayi m'chikwama, chifukwa amapita naye ngakhale kokawedza, n'kulunjika ku khoti. Anagulitsa nsomba zochepa zimene anali nazo, n'kugula samoni yosumira wapampando wa komiti ya kiliniki. M'mutu mwawo wapampando anali akadali a Harris, mdala amene amakangana naye chaka ndi chaka za malire a dimba. Chimene wogula nsomba uja sanawauze n'choti a Harris anatula pansi udindo, ndipo anthu anasankha a Magdalene.

Nditafika ndi ufa wanga ndinawapeza angofika kumene, akuyanika tayi pa chingwe, akuimba mluzu.

"Mwaswera bwanji atate a Miracle?"

"Ndaswera bwino kwambiri, amake Ruben. Lachisanu mudzavale bwino. Ndamugwira Harris."

"Pa samoni munalembetsa dzina lawo?"

"Lamulo silisumira dzina, limasumira mpando. Ndinangoti wapampando. Dzina kalaliki alemba yekha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ndisanapeze poyambira, belu la njinga linalira. Mesenjala wa khoti analowa pabwalo, n'kudutsa a Webster, n'kudutsa nkhokwe, n'kukaima pakhonde la a Magdalene, amene amasenda mtedza. A Webster anakuwa kuti, "Wasochera iwe, kwa Harris n'kumtunda." Mesenjala anawerenga dzina mokweza. A Magdalene anapukuta manja, n'kulandira pepala ndi manja awiri.

Sindinaonepo munthu wamkulu akulowa m'khola la nkhuku mwaulemu chonchija. A Webster anachita kugwada pakhomo pake.

Lillian atabwera kuchokera ku sikelo, zonse zinadzera mwa iye, monga mwa masiku onse. Mwamuna wake anamutuma kukanena kuti mlandu akauchotsa mawa m'mawa. Amai ake anabweza mawu akuti mlandu usachotsedwe, agula kale chitenje chatsopano, ndipo chibadwire sanaitanidwepo ndi boma. Lillian anawapempha kuti amulandire chabe ku nyumba yodikirira, poti ndi mwana wawo. Anakana. Anati akayamba ndi mwana wawo, mawa adzayang'ana bwanji mwana wa mnzawo. Ndipo ngati n'kumulipirira, iwo alibe, ndiponso mkazi ali ndi mwamuna wake.

Madzulo ake azibambo a m'mudzi, amene nawonso njovu zinawadyera, anabwera mmodzimmodzi kudzagwira a Webster chanza kuti alimbe. Ine ndinawaitana pa mpanda.

"Tsono muchita bwanji?"

Anakhala pansi pafupi ndi bowo la mpanda. Kenaka anati, "Ndikauchotsa, amake Miracle aberekeranso m'ngolo. Ndikapanda kuuchotsa, ndikaima pamaso pa amai. Bola njovu ija."

Lachisanu khoti linadzaza mpaka m'mawindo. Anthu ena anachokera ku Mfuwe pa minibasi. Ine ndinanyamulira Lillian botolo la madzi ndi ambulera, ndiye anthu anandipatsa njira mpaka kutsogolo. A Magdalene analowa ndi chitenje chawo chatsopano, a komiti ali pambuyo, a Harris akumwetulira ngati ukwati ndi wawo. A Webster analowa chafutambuyo.

A jaji ndi munthu wa konkuno, wa imvi, wosafulumira. Anati, "Wosuma, imani apa, muyang'ane amene mwamusumira."

A Webster anagwada, nkhope kuchitseko, msana kwa a jaji ndi kwa apongozi.

"Bwana, pali lamulo lina limene likundiletsa."

"Ndime yanji?"

"Silinalembedwe, bwana."

"Tchulani dzina la amene mwamusumira."

"Ndi amene anabereka amene anabereka Miracle, bwana."

A jaji anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anati chabwino, onse awiri aziyankhula kwa iwo. A Webster anati sizingatheke, chifukwa amai amva mawu awo akuwatsutsa. A Magdalene anati nawonso sangayankhe mkamwini pagulu ngati mnzawo wa ku chitsime. A jaji anafunsa kuti nanga kunyumba mumamvana bwanji. Khoti lonse linayang'ana Lillian.

Anamuikira benchi pakati, mwamuna wake atagwada kumanja, amai ake atakhala kumanzere, aliyense azimunong'oneza, iye azinena mokweza. Ine ndi botolo langa ndinali kumbuyo kwake kwenikweni. Zimene ndikuuzani apazi a jaji sanazimve. Ndinamva ndine.

A Webster ananong'ona kuti, "Uwauze kuti lamulo lawoli ndi umbava, ndipo komiti yonse iyenera kukagona ku ndende."

Lillian anati, "Akuti mwadzuka bwanji amai, ndipo ntchito ya komiti akuiona."

A Webster anamukoka chitenje. Koma akanatani? Kuti akonze, anayenera kukweza mawu.

A Magdalene ananong'ona kuti, "Umuuze kuti njinga yamoto simamwa nkhuni. Ndipo tayiyo wamanga ngati mbuzi yopita ku msika."

Lillian anati, "Akuti adzuka bwino, ndipo nkhuni zimene munatula zaka zonsezi sanaziiwale."

A Magdalene anadzuka kuti auze a jaji okha zimene ananena. Lillian anagwira m'chiuno n'kubuula pang'ono. Amai ake anakhala pansi msanga n'kumugwira pamphumi, a Webster anatsala pang'ono kutembenuka, mesenjala anathamangira kukatsegula chitseko. Lillian anamwa madzi anga n'kunena kuti zapita. Pondibwezera botolo ananditsinzinira diso.

Zinapitirira choncho. Uku kumachokera "apite nazo kwa agogo awo", pakati n'kutuluka "tikambirane". Uku kumachokera "waulesi wa pakamwa", n'kutuluka "bambo wa mdzukulu wanga". Aliyense akafuna kutsutsa, m'chiuno mwa Lillian mumayamba. A jaji anafika ponena kuti chiyambire ntchito sanaonepo anthu okangana mwaulemu chotere, ndipo sakumvetsa chifukwa chake nkhope zawo zili choncho.

Kenaka a Magdalene ananong'ona nthawi yaitaliko, ndipo mawu awo anasintha. Ulendo uno Lillian sanachotse kanthu.

"Akuti tsiku limene Miracle anabadwa, tochi anagwira ndi iwo. Akuti magazi a mwana wawo anawaona pa matabwa a ngolo. Akuti mpando anaulandira chifukwa cha chimenecho, kuti pasadzapezeke mkazi wina wodikira njinga ya thanki youma."

A Webster nawonso ananong'ona. Izinso Lillian anazinena monga mmene zinalili.

"Akuti ngoloyo amakankha ndi iwo, madzi ali m'chifuwa. Akuti ndalama alibe, njovu zinadya. Koma manja ali nawo, ndipo kale manja amawerengedwa."

Palibe anaseka. Ngakhale a Harris amene anayang'ana pansi. A jaji anafunsa ngati wosuma ali ndi mawu ena. Ndiye mukudziwa a Webster, chete akawakhalira nthawi yaitali amadwala. Anakonza tayi n'kunong'ona kuti, "Uwauze kuti ndikagonja pano ndikachita apilu ku Chipata. Mpaka ku Lusaka."

Lillian anakhala tsonga. "Akuti ali ndi ganizo. Amene ali ndi ndalama azipereka ndalama. Amene alibe azibweretsa chimene ali nacho, udzu wofolera, mphasa, nsomba zouma. Akuti iwo eni ake azinyamula zinthuzo pa njinga yawo kukagulitsa ku Mfuwe, n'kubwerako ndi petulo. Mwezi uliwonse. Mosalipidwa."

A Webster anamasula tayi pang'ono. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu.

A Magdalene ananong'ona msanga kuti, "Ameneyo? Akagulitsa chiyani, akakangana ndi ogula onse."

Lillian anati, "Akuti mkamwini wotere sapezeka. Ngati a komiti avomera, iwo alibe mawu."

A komiti anayang'anana. Theka la iwo linali lisanaperekenso ndalama zija. A Harris anaimirira n'kunena kuti iwo pa moyo wawo sanagwirizanepo ndi Webster, koma kumuona akupalasa mitolo ya udzu kupita ku Mfuwe mwezi ndi mwezi, chimenecho akuchivomera ndi mtima wonse. Enawo anagwedeza mitu.

A jaji anayang'ana Lillian nthawi yaitali. Anati khoti si loyendetsa kiliniki, koma anthu akagwirizana okha pamaso pake, limalemba. Anafunsa ngati alipo wotsutsa zimene zanenedwa m'dzina lake. Lillian anaika dzanja m'chiuno, osabuula, kungoliika. Panalibe wotsutsa.

"Khoti lamva zimene lamva," anatero a jaji. "Mai inu, mukachira mudzandione. Ndili ndi milandu ya malire imene yandikanika."

A Webster anatuluka chogwada mpaka pakhomo. Panja azibambo anawanyamula m'mwamba. Iwo amangoti, "Malinga ndi lamulo, si zimene ndinanena," koma mwapansipansi, poti apongozi anali chapafupi.

M'mawa mwake, dzuwa lisanatenthe, anakweza Lillian pa keriya ya njinga, ine ndikutsatira ndi mtolo wa zovala ndi mapoto. Lupande anali m'mawondo, madzi ofiira, akununkha mvula ya kumtunda. A Webster anamuwolotsa Lillian atamubereka kumsana, n'kubwerera kudzatenga njinga, n'kubwereranso kudzatenga ine, ngakhale sindinapemphe. Asisita Anastasia anamupatsa Lillian bedi la pafupi ndi windo. Posiyana a Webster anafuna kuyamba za dzulo. Lillian anati, "Atate a Miracle, mukafuna apilu mudzere mwa ine." Anangomukonzera pilo.

Titabwerera tinapeza pakhomo pawo posaoneka. Mitolo ya udzu mpaka pa denga, mphasa, matsache, nsomba, dengu la masau ouma, ndi bakha wamoyo womangidwa mwendo, wochokera kwa a Harris. Ndipo pakhonde pawo penipeni, pa mpando wawo, panakhala a Magdalene, mbale yovindikira ili patsogolo.

A Webster anaponya njinga n'kuyang'ana kothawira. Khola la nkhuku linali litatsekedwa ndi udzu.

"Atate a Miracle," anatero a Magdalene, kwa iwo mwachindunji, koyamba chikwatirire. "Bwerani mukhale apa. Nkhuku iyi ndaphikira inu. Tidyera mbale imodzi. Ndakumasulani. Ndiyang'aneni."

Anabwera chokwawa. Anasamba m'manja, n'kulandira chiwalo ndi manja awiri. Kenaka anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu wosuzumira m'chitsime.

"Kani amai mumavala magalasi?"

"Chaka chachisanu chino. Idyani."

Anadya, misozi ili m'maso. Anayamba kuthokoza, kuti ulemu wotere sanauyembekezere, kuti malinga ndi mwambo. A Magdalene anakweza dzanja.

"Musathokoze. Lillian ali tsidya, ndilibe wotuma. Ndiponso ndaona dzulo kuti mwana ameneyu mawu anga amawasungunula panjira. Ndili ndi zambiri zimene ndasunga zaka zonsezi, ndipo ndikufuna zifike zathunthu. Tiyambe ndi tayiyo."

Ine ndinakokera mphasa yanga pafupi ndi bowo la mpanda, n'kutenga nyemba zosankha. Anayamba ndi tayi, n'kupita ku denga la khitchini, n'kufika pa mazira a mlendo uja. A Webster anayesa kuyankha, poti tsopano amaloledwa, koma sanapeze polowera. Chakumasana mvula inagunda kumapiri, ndipo dzuwa lisanalowe anthu ochokera ku mtsinje anati Lupande wadzaza, sawolokeka. A Magdalene anasiya mawu pakati. Onse awiri anayang'ana cha tsidya, kumene Lillian anali pa bedi lake la pa windo.

"Wawoloka bwino?" anafunsa.

"Ndinamubereka, amai."

"Mwachita bwino." Anawakankhira mbale ija. "Tsono za bakhayu. Mukakafika ku Mfuwe, wogula akatchula mtengo, inu musatchule lamulo."